Chifukwa chake njovu sizidwala khansa kawirikawiri

Khansa imayamba pamene selo limodzi (maselo ndi tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi) lasiya kumvera malamulo a thupi n'kuyamba kugawikana mosalekeza mpaka kupanga chotupa. Si matenda a anthu okha, ndipo si atsopano: mu 2020 akatswiri anatsimikiza kuti fupa la mwendo wa dinosaur yotchedwa Centrosaurus, imene inakhalako zaka pafupifupi 76 miliyoni zapitazo, linali ndi khansa.

Nthawi iliyonse selo likamagawikana pamakhala mpata woti DNA, imene ndi malangizo a m'kati mwa selo, ikopedwe molakwika, choncho munthu angaganize kuti nyama ya thupi lalikulu komanso yokhala zaka zambiri ndiyo iyenera kudwala kwambiri. Pakati pa nyama za mtundu umodzi zimaterodi, pakuti agalu akuluakulu amagwidwa khansa ya m'mafupa kuposa ang'onoang'ono. Koma tikayerekeza mitundu yosiyana, masamuwo amakana: mitundu ya nyama zikuluzikulu sidwala khansa kuposa ya zing'onozing'ono. Richard Peto wa ku Oxford anasonyeza zimenezi mu 1977 poyerekeza munthu ndi mbewa, ndipo funsolo linatenga dzina lake.

Njovu ndiyo yatithandiza kwambiri kumvetsa nkhaniyi. Mu DNA muli kachigawo kotchedwa TP53, kamene kamalondera selo: kakaona kuti lawonongeka, kamaliimitsa kuti likonzedwe kapena kulilamula kuti life. Munthu ali ndi kope limodzi lokha la kachigawoka, pamene njovu ya mu Africa ili ndi makope pafupifupi 20. Gulu la Joshua Schiffman ku Utah linalengeza mu 2015 kuti litawononga dala maselo a magazi a njovu ndi cheza, maselowo ankafa ochuluka kuposa a munthu. Thupi la njovu silinyengerera selo lokayikitsa, limangolichotsa. Mwa njovu zimene anaunika imfa zake, zofa ndi khansa sizinafike 5 pa 100 zilizonse. Ndichenjeze kuti zimenezi si mankhwala a khansa, ngakhale ena amalemba ngati apezeka kale.

Mfuko wopanda ubweya wa kum'mawa kwa Africa unatsata njira ina. Umatha kukhala zaka zoposa 30, ndipo umapanga madzi onanda otchedwa hyaluronan amene amathandiza kuti maselo asaunjikane.

Nayo khansa imasintha kuti ipulumuke. Ku Tasmania, chilumba cha ku Australia, chotupa cha kumaso chimene chinaoneka koyamba mu 1996 pa nyama yotchedwa Tasmanian devil chimafala zikamalumana, ndipo chopatsiranacho si kachilombo ayi, koma maselo a khansa enieniwo, ochokera m'thupi la nyama imodzi imene inafa kalekale.