Dziko la matsenga ambiri: ndani amayatsa nyale, ndani amalipira?

Oyendetsa masewera a Dungeons & Dragons (masewera a patebulo amene osewera amayerekeza kukhala anthu a m'nthano) ambiri akamamanga dziko lodzaza matsenga amathamangira zinjoka ndi nsanja zoyandama mumlengalenga. Wosewera akangofunsa kuti, “Nanga wosula mipeni wa m'tauni muno amadya chiyani?” pakamwa pamauma. Yankho lili m'masamu. Malamulo a masewerawa a 2014 anaika mtengo ndi malire pa matsenga ambiri, ndipo mukawawerengera bwino, moyo wa anthu wamba umaonekera wokha.

Yambani ndi malipiro. Waganyu wopanda luso amalandira ndalama zasiliva ziwiri patsiku, ndipo yagolide imodzi ndi zasiliva 10. Tsopano tengani matsenga a Continual Flame, lawi losazima, losafuna mafuta. Kuyatsa limodzi kumadya ufa wa mwala wa rubi wa golide 50, thukuta la waganyu la masiku 250. Muuni wamba ndi ndalama imodzi yamkuwa, ndipo umayaka ola limodzi. Ndiye kuti msewu wa olemera ndi khomo la kachisi zidzawala usiku wonse, pomwe kuseri kwa mpanda wa mzinda anthu akutsokomola utsi wa miuni. Lawili silitentha, choncho ogulitsa nkhuni musawachotse ntchito: kuphika ndi kuotha kukufunabe moto weniweni. Nyale yotere imakopanso akuba. Imangeni ndi unyolo pamwamba pa mzati.

Pa chakudya ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Create Food and Water imatulutsa chakudya cha mapaundi 45 ndi madzi magaloni 30, zokwanira anthu 15 tsiku limodzi. Wansembe wamatsenga wa pa levulo 5 (levulo ndi msinkhu wa mphamvu zake m'masewerawa) angachite zimenezi kawiri patsiku, basi anthu 30. Tauni ya anthu 3,000 ingafune ansembe otere 100, osachita ntchito ina iliyonse. Chakudyacho n'chosakoma, ndipo chikapitirira maola 24 chimaonongeka, sichilowa m'nkhokwe. Chimathandiza asilikali ozingidwa ndi adani, koma njala sichingaithetse.

Chimene chimasinthadi ulimi ndi Plant Growth. Wamatsenga akakhala pamunda maola 8, mbewu zonse za mtunda wa theka la mailosi kuzungulira pamene waima zimabereka zokolola zochuluka kuwirikiza kawiri kwa chaka chathunthu. Munthu mmodzi angathe kuyendera midzi yambiri dzinja lisanafike. Funso lokoma pa masewera ndi ili: amayambira munda wa yani? Mudzi umene wasiyidwa chaka chino uli kale ndi mlandu woti osewera akaweruze.

Matsenga ang'onoang'ono osatha mphamvu ndiwo amalowa m'nyumba iliyonse. Mending imalumikiza chothyoka kapena chong'ambika chosapitirira masentimita pafupifupi 30, m'mphindi imodzi. Mphika wosweka sutayidwanso, ndiye oumba mbiya amagulitsa zochepa. Prestidigitation imayeretsa chovala, kuziziritsa chakumwa kapena kukometsa chakudya chozizira. Wophika wa m'nyumba ya alendo amene amaidziwa angakupatseni msuzi wadzana ukununkhira ngati wa lero.

Imfa nayo ili ndi mtengo. Raise Dead, youkitsa wakufa, imafuna dayamondi wa golide 500, ndipo munthuyo asakhale atamwalira masiku opitirira 10. Kwa waganyu uja ndi malipiro a zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Mabanja olemera amasunga dayamondi m'bokosi, maliro awo amachedwa dala, ndipo malamulo a cholowa ayenera kunena kuti mwana alowa ufumu tsiku liti. Wofuna kupha mfumu amabisa mtembo mpaka masiku 10 akwane.

Pa milandu, musaganize kuti Zone of Truth, yoletsa anthu kunama pamalo amene yaikidwa, yathetsa bodza. Imagwira mphindi 10 zokha. Munthu angaikane mphamvu yake, ngakhale wansembe amene waiika amadziwa kuti waikana. Amene yamugwira sanganene bodza mwadala, koma angakhale chete kapena kuzemba. Wofunsidwa kuti “Unaba mkanda?” amayankha kuti “Sindinalowe m'nyumbamo,” zomwe n'zoona, poti anatuma mnzake. Woweruza wa dziko lotere amabwera ndi mafunso olembedwa kale, aafupi, ofuna “inde” kapena “ayi”, ndipo pambali pake pamakhala kalaliki wowerenga mphindi.