Overrated sikutanthauza kuti chinthu n'chachabechabe

Anthu ambiri pa Facebook akangomva wina akunena kuti woyimba wawo kapena timu yawo ndi overrated amalusa pompo ngati atukwanidwa, poti amaganiza kuti mawuwa akutanthauza kuti munthuyo ndi mbola, palibe chomwe amatha. Ayi ndithu abale, sizili choncho. M'chizungu over ndi kupyola muyeso, rate ndi kuyika chinthu pa mulingo wake, ndiye overrated ndi chinthu chomwe anthu akuchitama mopitirira pomwe chikuyenera, koma chikhoza kukhala chabwinobwino. Tengani straika yemwe amagoletsa zigoli 10 pa sizoni, mnyamatayo mpira amautha palibe angatsutse, koma masapota akayamba kumufanizira ndi Messi apo ndiye wasanduka overrated, ndipo vuto lili ndi otamawo osati iyeyo.

Liwu lina lomwe timalisokoneza ndi overrated ndiye overestimate. Ili limayenda kwambiri ndi kuyerekeza kuchuluka kwa zinthu kapena mphamvu za munthu, ngati mlimi kuyembekezera matumba 40 a chimanga nkukolola 25 okha, pamenepo wachita overestimate zokolola, overrate siyikwanapo. Chinthu chabwino chomwe anthu sakuchilabadira mokwanira ndiye underrated, amenewo ndi mawu oyamikira.