Chikombole cha khutu sichikhala mpaka kalekale

Papita zaka ndikumva oimba m'mabandi ndi m'makwaya kuno ku Salima akuuzana kuti ukangodinditsa khutu kamodzi kuti akupangire mahedifoni akoako olowa m'khutu, chikombole chimene adindacho chidzagwira ntchito moyo wonse. Si zoona, abale.

Khutu limasintha. Munthu akanenepa, akaonda kapena akamakalamba, kanjira ka m'khutu kamasinthanso. Kwa ana ndiye zimachitika msanga, n'chifukwa chake ovala zothandiza kumva amawasinthira kolowa m'khutu pafupipafupi.

Chikombolecho amachipanga ndi silikoni, chinthu chofewa ngati labala. Chikakhala m'chikwama, chitapanikizika ndi makiyi ndi machaja, kuphatikizapo kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala, chimatha kupindika pang'ono osaoneka ndi maso. Pang'ono pomwepo mpokwanira kuti mahedifoni azipweteka kapena kutayirira. Opanga ambiri amafuna chatsopano, cha miyezi yochepa chabe.

Musangokhulupirira ine. Funsani opangawo malire awo a nthawi, kapena wodziwa za makutu kuchipatala. Amene muli nawo kale mahedifoniwa, valani, yasamulani, tafunani. Phokoso lakunja likamalowa ndipo besi (mawu aakulu apansi) ikamathawa, sakukukwananinso.

Mnzanu akakutumizirani nkhani yoti chikombole n'cha moyo wonse pa WhatsApp, yambani mwafunsa kaye musanaitumize ku gulu la kwaya.