Majini omwewo mu khansa ndi m'matenda a ubongo

Khansa ndi matenda amene amawononga ubongo pang'onopang'ono, monga a Alzheimer, a Parkinson ndi a Huntington, amaoneka ngati alibe chowagwirizanitsa, ndipo ngakhale m'zipatala odwala ake amaonedwa ndi madokotala osiyana. Koma ofufuza amene ntchito yawo ndi kusanthula za m'kati mwa selo, kachigawo kakang'ono kwambiri ka thupi, akhala akukumana ndi majini omwewo, kutanthauza malangizo a chibadwa osungidwa m'selomo, mbali zonse ziwiri. Mu khansa, selo limagawikana mosalekeza ndipo limakana kufa pamene liyenera kufa. M'matenda a ubongo, selo la mitsempha limene linayenera kukhala ndi moyo kwa zaka zonse za munthu limafa nthawi isanakwane. Zimene zimalamulira kuti selo ligawikane, lidzikonze kapena life ndi zimodzimodzi m'thupi lonse, ndiye chifukwa chake mbali imodzi ikaphunzira kanthu, inayo imapindula nako.

Pafupifupi selo lililonse la thupi limasunga DNA, imene ndi mndandanda wa zilembo zoposa 6 biliyoni za mitundu inayi yokha, A, C, G ndi T, zopakidwa m'makolomozomu 46. M'menemo muli majini pafupifupi 20,000 opereka malangizo opangira mapuloteni, ndipo mapuloteniwo ndiwo amagwira ntchito zenizeni za selo. Ntchito yaikulu yowerenga mndandanda wonsewu, ya Human Genome Project, inayamba mu 1990 n'kutha mu 2003. Selo likamagawikana limakopera zilembo zonsezi, ndipo nthawi zina limalakwitsa; dzuwa, utsi wa fodya ndi zotsalira za ntchito ya selo lenilenilo zimawononganso DNA tsiku ndi tsiku, koma pali mapuloteni amene ntchito yawo ndi kukonza zowonongekazo. Apa m'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amaziphatikiza. Pali kusintha kwa jini kumene munthu amabadwa nako kuchokera kwa makolo, ndipo kumapezeka m'maselo ake onse, pomwe kwina kumachitika m'selo limodzi munthu ali kale moyo ndipo sikupita kwa ana. Khansa zambiri zimayamba mwa njira yachiwiriyi. Zoyamwira kwa makolo ndi pafupifupi 5 mpaka 10 pa 100 zilizonse.

Nkhani imene inapatsa asayansi chikhulupiriro chakuti kudziwa jini kungabale mankhwala ndi ya mtundu wina wa khansa ya m'magazi wotchedwa CML. Mu 1960, Peter Nowell ndi David Hungerford, akugwira ntchito ku Philadelphia, anaona kuti maselo a odwalawa ali ndi kolomozomu imodzi yofupika modabwitsa. Mu 1973, Janet Rowley anasonyeza kuti kachidutswa kosowako sikanatayike, koma kolomozomu 9 ndi kolomozomu 22 zinasinthana zidutswa. Pamalo pamene zidutswazo zalumikizana pamabadwa jini yatsopano, BCR-ABL, imene puloteni yake imalamula selo kugawikana osapuma. Mankhwala a imatinib, amene anavomerezedwa ku America mu 2001, amatseka puloteni imeneyi, ndipo odwala ambiri amene kale akanamwalira m'zaka zochepa tsopano amakhala zaka zambiri akumwa mapiritsi. Komabe taonani kutalika kwa ulendowo: kuchokera pa kuona kolomozomu yofupika kufika pa piritsi panadutsa zaka 41, ndipo iyi inali khansa yosavuta kumvetsa chifukwa gwero lake ndi limodzi.

Khansa zambiri si zotero. Pulojekiti ya The Cancer Genome Atlas, imene inawerenga DNA ya zotupa za mitundu 33 ya khansa, inaonetsa kuti zotupa ziwiri za m'chiwalo chimodzi zikhoza kukhala zosiyana kwambiri m'majini, ndipo ngakhale m'chotupa chimodzi muli magulu a maselo osafanana. Mankhwala akapha gulu lalikulu, kagulu kochepa kamene sikamva mankhwalawo kamatsala n'kuchulukana, ndiye khansa imabwerera. Ngakhale zili choncho, phindu lilipo looneka. Jini ya TP53, imene imaimitsa selo lowonongeka kuti likonzedwe kapena kulilamula kuti life, imapezeka yowonongeka pafupifupi mu theka la khansa zonse za anthu. Majini a BRCA1 ndi BRCA2, amene anapezeka mu 1994 ndi 1995, amakonza DNA ikaduka, ndipo mayi wobadwa ndi imodzi mwa majiniwa yolakwika amakhala pa chiopsezo chachikulu cha khansa ya m'mawere ndi ya m'chiwalo chopanga mazira. Ofufuza anazindikira kuti selo la khansa lopanda BRCA limadalira njira ina yokonzera DNA, ya puloteni ya PARP, choncho mankhwala otseka PARP, monga olaparib amene anavomerezedwa mu 2014, amasiya selo la khansalo lopanda pothawira pomwe maselo abwino amapulumuka.

Ku mbali ya ubongo zinthu sizinayende chomwecho. Matenda a Huntington amayamba ndi jini imodzi yokha, ya pa kolomozomu 4, imene inapezeka mu 1993 pambuyo pa zaka zambiri za kafukufuku pakati pa mabanja okhala m'mbali mwa nyanja ya Maracaibo ku Venezuela. M'jiniyi zilembo zitatu, CAG, zimabwerezabwereza ngati munthu wachibwibwi amene wakakamira pa liwu limodzi. Anthu ambiri ali ndi kubwereza kosapitirira 26. Amene ali ndi 40 kapena kuposa adzadwala ndithu akakhala ndi moyo wautali, ndipo mwana wa kholo lodwala ali ndi mwayi wa theka wotengera jiniyo. Gwero lake ndi lodziwika bwino kuposa la khansa zambiri, koma patatha zaka zoposa 30 palibe mankhwala ovomerezedwa oimitsa matendawa. Mayeso aakulu a mankhwala a tominersen, opangidwa kuti achepetse puloteni yoipayo, anaimitsidwa mu 2021 chifukwa sanathandize odwala.

Zifukwa za kusiyanaku, monga ndikuonera, zili m'chilengedwe cha ziwalozo osati mu ulesi wa ofufuza. Chotupa chikhoza kudulidwa kachidutswa n'kuwerengedwa DNA wodwala ali moyo, koma ubongo wa munthu wamoyo sudulidwa wamba, moti zambiri zimene timadziwa zimachokera mu ubongo wa anthu omwalira, matenda atafika kale kumapeto. Mitsempha ya magazi ya mu ubongo ili ndi chotchinga chimene chimakaniza mankhwala ambiri kulowa. Matendawa amayamba mwakachetechete zaka zambiri zizindikiro zisanaoneke, ndipo pamene wodwala Parkinson akuyamba kunjenjemera amakhala atataya kale gawo lalikulu la maselo opanga dopamine, mankhwala achilengedwe a mu ubongo othandiza kuyendetsa thupi. Chachikulu koposa n'chakuti dokotala wa khansa amafuna kupha selo, pomwe dokotala wa ubongo amafuna kulipulumutsa, ndipo maselo ambiri a mitsempha akafa sabwera ena m'malo mwake.

Pa matenda a Alzheimer, amene amachititsa munthu kuiwalaiwala, majini aphunzitsa kusiyana kwa chiopsezo ndi chigamulo. Pali mabanja ochepa kwambiri amene kusintha kwa jini ya APP, PSEN1 kapena PSEN2 kumabweretsa matendawa munthu akadali wa zaka zapakati, ndipo mabanjawa ndiwo analozera ofufuza ku puloteni ya amyloid imene imaundana mu ubongo. Popeza APP ili pa kolomozomu 21, anthu obadwa ndi makolomozomu 21 atatu, omwe ali ndi Down syndrome, amadwala Alzheimer msanga kuposa ena. Koma kwa anthu ambiri jini yofunika ndi APOE, makamaka mtundu wake wa APOE4, umene umakweza chiopsezo popanda kutsimikiza kuti munthu adzadwala. Alipo okhala nawo amene amakalamba mutu uli bwinobwino, ndipo alipo odwala ambiri opanda mtunduwo. Mphamvu ya APOE4 imasiyananso malinga ndi kumene makolo a munthu anachokera, ndipo pa kafukufuku wa anthu a ku Ibadan ku Nigeria inaoneka yofooka poyerekeza ndi ya anthu a ku Ulaya. Izi n'zofunika chifukwa DNA yambiri imene yawerengedwa pa kafukufuku wotere ndi ya anthu ochokera ku Ulaya, choncho si zonse zopezeka kumeneko zimene zingagwire ntchito pa aliyense. Mankhwala a lecanemab, ovomerezedwa ku America mu 2023, amachotsadi amyloid, koma pa mayeso a miyezi 18 anangochepetsa liwiro la kufooka kwa nzeru ndi pafupifupi 27 pa 100, ndipo odwala ena anatupa kapena kutuluka magazi pang'ono mu ubongo. Ndi sitepe yoyamba, ndipo sindingaitche machiritso.

Kumene majini a mbali ziwirizi amakumana poyera ndi pa matenda osowa otchedwa ataxia-telangiectasia. Mwana wobadwa ndi jini ya ATM yolakwika kuchokera kwa makolo onse awiri amayamba kudzandira poyenda chifukwa maselo a kumbuyo kwa ubongo, olamulira kayendedwe, akufa, ndipo mwana yemweyo amakhala pa chiopsezo chachikulu cha khansa za m'magazi. Ntchito ya ATM ndi kuzindikira kuti DNA yaduka n'kuitana okonza. Ikasowa, selo limene limagawikana limachulukitsa zolakwika mpaka kusanduka khansa, pomwe selo la mitsempha, limene siligawikana, limangofooka n'kufa. Kafukufuku wotsatira anthu ambiri kwa zaka wapezanso kuti amene anadwalapo khansa amaoneka kuti amadwala Alzheimer mocheperako, ndiponso kuti odwala Parkinson amadwala khansa ya pakhungu ya melanoma mochulukirako. Zotsatira zoterezi ziyenera kuwerengedwa mosamala, pakuti wodwala khansa akhoza kumwalira asanafike msinkhu woyamba kuiwalaiwala, ndipo munthu woiwalaiwala sapimidwa khansa kawirikawiri. Ofufuza amayesa kuchotsera zimenezi, koma sizichotsedwa zonse.

Chitsanzo chimene chimandichititsa chidwi kwambiri chikuchokera ku Huntington komweko. Kwa nthawi yaitali kunali kodabwitsa kuti anthu awiri okhala ndi kubwereza kwa CAG kofanana amatha kuyamba kudwala motalikirana zaka zambiri. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2015, ndi wina wotsatira, atayerekeza DNA ya odwala masauzande angapo, anapeza kuti zimene zimafulumizitsa kapena kuchedwetsa matendawa ndi majini okonza DNA, monga FAN1, MSH3 ndi MLH1. Akatswiri a khansa ankaidziwa kale MLH1, chifukwa ikawonongeka imabweretsa Lynch syndrome, chibadwa chimene chimachititsa mabanja ena kudwala khansa ya m'matumbo ndi ya m'chiberekero mobwerezabwereza. Mu ubongo wa wodwala Huntington vuto n'losiyana: okonzawo alipo ndipo akugwira ntchito, koma akafika pa CAG yobwerezabwereza amasokonezeka n'kuwonjezera zilembo m'malo mochotsa. Motero munthu wobadwa ndi kubwereza 42 akhoza kukhala ndi maselo ena a mu ubongo amene, pakupita kwa zaka, afika pa mazana angapo, pomwe magazi ake akuonetsabe nambala yoyandikira ya pobadwa. Kafukufuku wa mu 2025, wowerenga selo limodzilimodzi, anasonyeza kuti selo limayamba kuwonongeka kwenikweni kubwerezako kukapitirira pafupifupi 150, kutanthauza kuti kwa zaka zambiri selolo limakhala lisanavulale ndipo mpata wolipulumutsa ulipo.

Chifukwa cha zimenezi, ofufuza akuyesa kupanga mankhwala ochepetsa MSH3 mu ubongo, popeza pa mbewa za mu labotale kuchotsa jiniyi kumaimitsa kutalika kwa CAG. Anasankha MSH3 dala, osati MLH1 kapena jini ina yokonza DNA yotchedwa MSH2, chifukwa zimene zinaphunziridwa pa mabanja a Lynch syndrome zikuonetsa kuti kufooketsa majini awiriwa kumatsegulira khansa khomo, pomwe munthu wokhala ndi MSH3 imodzi yokha yogwira ntchito saoneka kuti ali pa chiopsezo chofananacho. Komabe anthu ochepa obadwa opanda MSH3 yogwira ntchito konse amamera tizotupa tambiri m'matumbo, choncho mankhwalawo ayenera kuchepetsa puloteniyo mu ubongo mokwanira popanda kuithetsa m'ziwalo zimene maselo ake amagawikana tsiku lililonse, ndipo oyesedwa nawo adzafunika kuwatsatira kwa zaka zambiri kuti zidziwike ngati malire amenewo asungika.