Odwala impso amene amasefedwa magazi: musakane kuyezedwanso

Tikumva kuti odwala ena amene amasefedwa magazi pa makina a dayalisisi akukana kutengedwa magazi okayeza. Ena akuti anayezetsa kale pachala ndipo sanawapeze ndi kanthu, ena akuti achipatala akuwathera magazi omwe ndi ochepa kale. Tikukupemphani kuti musamvere zimenezi.

Tizirombo timene tikufufuza ndi ta matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C, komanso HIV. Tonseti timayenda m'magazi, ndipo munthu amene amalumikizidwa ku makina kawiri kapena katatu pa sabata, kubayidwa masingano pafupipafupi ndiponso kuikidwa magazi amakhala pa chiopsezo chachikulu. Kachirombo ka B kamatha kukhala ndi moyo masiku 7 m'kadontho ka magazi kouma pa mpando.

Kuyeza kwa pachala kwa mtundu wa C sikuona kachirombo kenikeniko, koma kumaona asilikali amene thupi lapanga polimbana nako. Asilikaliwa amatenga masabata 8 mpaka 11 kuti aoneke, ndipo kwa munthu amene impso zake zasiya kugwira ntchito chitetezo chimakhala chofooka, mwakuti asilikaliwa amatha kuchedwa kwambiri kapena osaoneka n'komwe pamene kachirombo kakuwononga chiwindi. Kuyeza kwa PCR, kumene kumachitikira ku labotale, kumapeza kachirombo kenikeniko patangopita sabata imodzi kapena masabata awiri chilowereni m'thupi. N'chifukwa chake mawu akuti "ndinayezetsa kale" sitiwalandira. Zotsatira za chaka chatha sizinena za lero, ndipo wosefedwa magazi ayenera kuyezedwa C miyezi 6 iliyonse.

Magazi a m'kabotolo kamodzi ndi ochuluka ngati supuni imodzi ya tiyi. Si iwo akukufooketsani. Magazi anu akuchepa chifukwa impso zodwala sizipanganso mokwanira homoni imene imalimbikitsa mafuta a m'mafupa kupanga magazi.

Musadikire kuti maso achite chikasu, chifukwa ambiri sadwala mooneka mpaka chiwindi chitawonongeka. Mtundu wa C umachizika ndi mapiritsi a masabata 12, ngakhale kwa wosefedwa magazi. Wopezeka ndi B amapatsidwa makina akeake kuti asapatsire anzake, ndipo amene alibe amabayidwa katemera wa mlingo wokulirapo. Ngati mumasefedwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena kwina kulikonse, funsani namwino pa tsiku lanu lotsatira kuti munayezedwa liti komaliza, ndiponso ngati kunali kuyeza kwa PCR.