Liwiro la 30 pa Likoma: masamu ake ndi awa

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi yoona za chitetezo cha pamsewu, ena amafunsa monyogodola kuti malire a liwiro n'ngantchito yanji kumalo kumene galimoto mungaziwerenge ndi zala. Chitsanzo chawo chimakhala Likoma. Chilumbachi n'chotalika makilomita pafupifupi 8 basi, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa pang'ono 14,000 m'boma lonselo, kuphatikizapo a pa Chizumulu. Galimoto iliyonse imene ili kumeneko inachita kuwoloka nyanja. Ndiye ngozi ingachokere kuti?

Imachokera pa kuchepa komweko. Mwana wokulira m'mbali mwa msewu wa M1 amaphunzira msanga kuyang'ana uku ndi uku asanawoloke, chifukwa mathiraki amamukumbutsa tsiku ndi tsiku. Pachilumba msewu ndi bwalo: ana amaseweramo, mbuzi zimagonamo, mayi wosenza ndowa kuchokera kunyanja amayenda pakati penipeni. Palibe akuyembekezera njinga yamoto kutulukira kuseri kwa mlambe. Nayenso woyendetsa, poona kuti kutsogolo kuli zii, amakoka moto.

Tsono tiwerengere limodzi. Munthu akaona choopsa, pamapita sekondi imodzi, mwina kuposerapo, asanagwire mabuleki. Pa liwiro la makilomita 30 pa ola, m'sekondi imodziyo njinga imayenda mamita 8. Pa liwiro la 60 imayenda mamita 17, mabuleki asanayambe n'komwe kugwira. Akagwira, mtunda woimira sukula molingana ndi liwiro ayi: liwiro likawirikiza kawiri, mtundawo umawirikiza kanayi. Pamsewu wafumbi wa timiyala toterera, wa 30 uja angafunike mamita ena 9, pamene wa 60 angafunike ena 35. Tikaphatikiza, woyambayo waima pa mamita 17. Mnzakeyo pa mamita 17 pomwepo m'pamene akungoyamba kufinya mabuleki, liwiro lake lidakali lonse, ndipo akaima atadutsa mamita 50. Manambalawa amasintha malinga ndi matayala, katundu komanso mtsetse, koma kusiyana kwake kumakhala kotere ndithu.

Thupi la munthu nalo lili ndi malire ake. Kugundidwa pa liwiro la 30 kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba mamita atatu ndi theka, tinene padenga la nyumba. Ambiri amathyoka koma amapulumuka. Pa 50 kuli ngati kugwa kuchokera mamita 10, pa 60 mamita 14. N'chifukwa chake msonkhano wa maiko wa ku Stockholm mu 2020 unagwirizana kuti paliponse pamene oyenda pansi ndi apanjinga amasakanikirana ndi galimoto, liwiro lisapose 30. Pa Likoma, ndi msewu uti umene sasakanikirana?

Pali chinanso chimene ife amisewu timachiiwala tikamakhazikitsa malire tili mu ofesi kumtunda. Munthu wovulala kwambiri m'mutu kapena wotaya magazi m'kati amafunika madokotala a opaleshoni mwachangu. Chipatala chilipo pachilumbapo, koma wofunika kutumizidwa ku chipatala chachikulu ku Mzuzu ayenera kaye awoloke nyanja kupita ku Nkhata Bay, ulendo wa maola angapo, ndipo kukakhala mwera boti silinyamuka mwachisawawa. Ngozi imene mu Lilongwe ikanathera pa kugonekedwa m'chipatala, pachilumba ikhoza kuthera kumanda. Pa chifukwa chomwechi, helemeti ndi yofunika kwambiri kuno kuposa m'tauni, ngakhale kutenthe bwanji, ndipo ikhale yomanga lamba, osati yongoika pamutu ngati chipewa cha kutchalitchi.

Anyamata a kabaza ali ndi yankho lawo, ndipo sindilinyoza: ndalama ili m'maulendo, wochedwa amapeza makasitomala atatengedwa. Koma taonani. Kuyenda makilomita 8 pa liwiro la 30 kumatenga mphindi 16, pa liwiro la 50 kumatenga mphindi pafupifupi 10. Phindu lake ndi mphindi 6, ndipo apo ndiye kuti mwayenda chilumba chonse, nsonga ndi nsonga. Pa ulendo wa makilomita awiri, wofanana ndi maulendo ambiri a tsiku ndi tsiku, simupulumutsa ngakhale mphindi ziwiri.

Zilumba zina zinaona zimenezi kalekale. Ku Jersey, pakati pa England ndi France, timisewu tina takumidzi totchedwa Green Lanes tili ndi malire a mamailosi 15 pa ola, omwe ndi makilomita 24. Chilumba cha Sark, chapafupi pomwepo, chinangokaniratu galimoto: anthu amayenda pansi, panjinga, pangolo za mahatchi, katundu n'kumanyamula pa mathirakitala. Sindikuti Likoma atengere Sark, poti odwala ndi matumba a chimanga sadikira hatchi.

Chovuta chenicheni n'chakuti chikwangwani pachokha sichiimitsa munthu. Pachilumba aliyense ndi mbale wa wina, ndipo kulipiritsa chindapusa munthu amene mukumana naye mawa pamaliro si chinthu chapafupi. Ine ndimakhulupirira kwambiri zinthu zimene sizidziwa chibale: mahampu omangidwa bwino pafupi ndi sukulu, msika ndi chipatala, kusadza tchire pamakona kuti woyendetsa aziona patali, ndi lamulo la okabaza okhaokha pa siteji yawo, lomwe nthawi zambiri limaopedwa kuposa la boma. Tsiku loyambira kuyesa zonsezi ndi lobwera Ilala, pamene anthu, matumba a ufa, mabasiketi a usipa ndi njinga zonse zimathamangira kugombe limodzi nthawi imodzi, kawirikawiri kuli mdima.