Zidindo za zala zikabedwa: mafunso ndi mayankho pa template yotheka kusintha

Kodi vuto lagona pati?

Pasiwedi ikabedwa mumaika ina, koma zala ndi zomwezo moyo wanu wonse. Mu 2015 zinadziwika kuti akuba analowa m'makompyuta a OPM, ofesi yoona za ogwira ntchito m'boma la America, n'kutenga zidindo za anthu 5.6 miliyoni.

Ndikadinda, makina amasunga chiyani?

Amafufuza pamene mzere wa pakhungu wathera kapena wagawika pawiri, n'kulemba malo ake ndi kumene waloza. Chala chimodzi chimakhala ndi timalo totere makumi angapo, ndipo mndandanda wake ndiye template. Wina asakupusitseni kuti ndi manambala chabe: mu 2007 ofufuza a ku yunivesite ya Bologna anaonetsa kuti manambalawa ndi okwanira kujambulanso chidindo chonamiza makina.

Bwanji osaibisa monga amabisira pasiwedi?

Pasiwedi imalembedwa chimodzimodzi nthawi zonse. Chala lero chatsindika kwambiri, mawa chapendekeka, mkuja chili ndi thukuta kapena kabala ka mpeni. Njira yobisira pasiwedi, yotchedwa hash, imakana kusiyana ngakhale kwakung'ono.

Nanga template yotheka kusintha imagwira bwanji?

Njirayi inafotokozedwa mu 2001 ndi Nalini Ratha ndi anzake a ku kampani ya makompyuta ya IBM. Polembetsa, makina amatenga kiyi, yemwe ndi nambala yachinsinsi, n'kusokoneza naye timalo tija. Mwachitsanzo, amadula chidindo m'timabokosi n'kutisuntha, tina n'kugwera pamodzi, kotero kuti palibe angadziwe kuti kamalo aka kanachokera m'bokosi liti. Chosokonezekacho ndicho chimasungidwa, chithunzi choyamba n'kufufutidwa. Mukabweranso, chala chimasokonezedwa ndi kiyi yemweyo ndipo makina amayerekeza zosokonezeka ziwirizo. Template ikabedwa amaithetsa, amakupatsani kiyi wina, inu n'kudindanso ndi chala chomwecho.

Pali muyezo woti utsatidwe?

Ulipo wa padziko lonse, wotchedwa ISO/IEC 24745, wa mu 2011 umene unakonzedwanso mu 2022. Umafuna kuti template isabwezeke kukhala chidindo, itheke kusinthidwa, komanso ya kubanki isalumikizike ndi ya kuntchito ngakhale chala chili chimodzi.

Chimalakwika n'chiyani?

Kusokoneza kumachepetsa luso la makina. Njira zambiri zimayamba ndi kupeza pakati pa chidindo, ndipo pakaphonyeka pang'ono timalo timagwera m'mabokosi olakwika, mwini chala n'kukanidwa. Kiyi akasungidwa pa kompyuta imodzi ndi template, wakuba amatenga zonse ziwiri, choncho kiyi azikhala kwina, monga pa khadi la mwiniwake. Wakuba wokhala ndi template zingapo za chala chimodzi pamodzi ndi makiyi ake atha kuziphatikiza n'kupeza timalo tenitenito. Cholakwa chachikulu, m'kuona kwathu, ndi kusunga zithunzi zoyamba poopa kuitananso anthu kudzadinda. Pamenepo chitetezo chonse chapita pachabe.

Dziwaninso kuti njirayi siiteteza chidindo chosiyidwa pa tambula. Imeneyo ndi ntchito ya makina ozindikira ngati chala ndi chamoyo.

Ku Malawi kuno ndingafunse chiyani?

Lamulo la Data Protection Act la 2024 linapatsa MACRA udindo woyang'anira kasungidwe ka uthenga wokhudza anthu. Amene akukudinditsani mufunseni ngati amafufuta chithunzi, kumene amasunga kiyi, ndi zimene adzachite template yanu ikadzabedwa.